Msonkho wa mkamwini

Bambo anga ankatchula mawu akuti msonkho ngati akutchula matenda. M'nthawi yawo msonkho unali wa mwamuna. Iye ndiye ankalipira, iye ndiye ankasunga chiphaso m'thumba la malaya, ndipo mkazi sankafunsidwa kanthu. Ndinakula ndi nzeru imeneyo, n'kufika nayo mpaka ku Cape Town.

Tinkakhala ku Kraaifontein, m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ya eni ake. Ine ndinkagwira ntchito pafakitale yopanga mafelemu a mawindo. Akazi anga ananditsatira patapita nthawi, ndipo sanachedwe kupeza ntchito kumalo osamalirako okalamba ku Constantia. Malipiro awo ankaposa anga. Tonse tinkadziwa, koma nkhaniyo tinkangoilambalala ngati chithaphwi.

Ndalama zathu zinkapita kumodzi, kunyumba imene tinkamanga ku Thyolo, pamalo a apongozi anga. Kwathu mwamuna ndiye amasamuka kukakhala kwa mkazi, ndipo dzina lake ndi mkamwini. Amange nyumba yamalata, abzale nthochi, akumbe chimbudzi, koma tsiku limene banja latha amanyamula bulangete lake n'kuona msewu. Sikuti banja lathu linali ndi vuto ayi. Kungoti nthawi zonse ndikatumiza ya simenti, mtima unkandifunsa kuti, kodi ukumanga kwako, kapena ndiwe waganyu wosalipidwa? Funso limeneli sindinalitulutsepo pakamwa. Ndinkaopa yankho lake.

Chaka china m'nyengo yozizira, abwana anatipatsa mapepala osonyeza msonkho umene ankatidula, n'kutiuza kuti tikaonekere nawo ku ofesi ya msonkho. Akazi anga nawonso anabwera ndi lawo kuchokera kuntchito kwawo. Ndinatenga onse awiri n'kuika m'jumbo kuopa mvula.

"Za msonkho n'za amuna," ndinatero. "Inu pitani kuntchito."

"Chabwino, a Boma," anayankha akuseka.

Ndinakwera sitima kupita ku Bellville. Mzere unali utazungulira nyumba, kamvula ka ku Cape kakuwaza cham'mbali, kaja kosamva ambulera. Nditalowa ndinakhala pamaso pa mayi wina wachikhosa, wamagalasi, wodekha bwino. Anayang'ana mapepala aja n'kukankhira limodzi kwa ine.

"Bhuti, m'bale wanga, ili si lanu. Kuno aliyense amasenza msonkho wake. Your wife must come herself."

Ndinamva manyazi, komanso ndinapsa mtima pang'ono. Ndinayesa kufotokoza kuti ndine mutu wa banja, koma mayiyo anangogwedeza mutu mwaulemu, maso ali pakompyuta. Kenako, potsatira mafunso a pafomu, anafunsa ngati ndili pabanja. Ndinavomera monyadira. Anafunsanso funso lina lachingerezi chovuta, ndipo ataona kuti ndangoti kakasi, analimasula pang'onopang'ono. Kodi chuma chathu ndi chimodzi, changa n'chawo, chawo n'changa? Kapena aliyense ali ndi chake?

Ndinathawa funso limeneli zaka zonsezi, ndiye lidzandipeze kuno, m'dziko la eni, kuchokera kwa munthu amene sadziwa n'komwe kuti Thyolo ili kuti.

"Ndikafunse kaye," ndinatero.

Mayiyo anavula magalasi. "Hayi bo, simukudziwa mmene munakwatirira?"

Ndinkadziwa bwino lomwe. Ankhoswe anakumana, nkhuku inadyedwa, kutchalitchi tinadalitsidwa. Koma palibe nkhoswe amene amafunsa zoterezi, chifukwa kwathu yankho aliyense amabadwa akulidziwa.

Kunyumba ndinangonena kuti akufuna mwiniwake wa pepala. Za funso lija ndinabisa. Akazi anga ananditcha a Boma mlungu wonse, mpaka tsiku lawo lopuma litakwana tinapita limodzi. Mwamwayi kapena mwatsoka, tinagwera kwa mayi yemwe uja. Anandizindikira, n'kumwetulira.

"Sisi, amuna anu analephera mayeso. Tikuyeseni inu."

Anabwereza funso lija. Akazi anga chingerezi amachimva kuposa ine, poti amakhalira kucheza ndi azungu okalamba. Anatembenukira kwa ine n'kufunsa m'Chichewa, motsitsa mawu.

"Inu munati chiyani?"

"Sindinayankhe."

"Chifukwa?"

"Ndikanati chiyani? Nyumba ija ili pamalo a amayi anu. Ine ndine mkamwini."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Sindinaonepo nkhope yawo itagwa chonchija, ndipo zinandipweteka kuposa akanandikalipira.

"Ndiye zaka zonsezi mumatumiza malata mukudziona ngati mlendo? Ine ndikusambitsa agogo a eni kuno, ndimati tikumanga tonse. So all this time munali nokha?"

Mayi wa msonkho ankangoyang'ana uku ndi uku, osamva kanthu, koma sanatifulumizitse. Akazi anga anapukuta m'maso ndi nsonga ya sikafu, n'kumuuza m'chingerezi kuti chuma chathu ndi chimodzi. Mayiyo anafotokoza kuti malipiro okha aliyense azilembetsabe payekha, anatiuza mapepala ena a ukwati oti tidzabweretse, n'kutitsanzika.

Tinakwera sitima yobwerera kunyumba. Ine ndinkaganiza kuti nkhani yatha, ndipo mtima unali utayamba kukhala m'malo. Koma iwo ankaganizabe.

"Zimene ndanena mujamo n'zoona kwa ine," anatero, "koma kumudzi sizingagwire. Ndikadzatsogola ine, amalume sadzafunsa kompyuta ya ku Bellville. Adzakupatsani bulangete."

Ndinavomera kuti ndi momwemo.

"Ndiye ya mwezi uno isapite kwa amayi. Tifune poloti ku Luchenza, yogula, yolembedwa mayina awiri."

Ndinawakumbutsa kuti amayi awo adzakhumudwa. Anati akudziwa, ndipo adzawauza okha, ine ndisalowererepo.

Anakhumudwadi. Apongozi anga anasiya kulandira foni yathu kwa nthawi yaitali, ndipo kumudzi kunamveka kuti mkamwini wadyetsa mwana wawo mankhwala kuti amuchotse pakhomo. Akazi anga mawu amenewa anawamva onse. Ndinkawaona Lamlungu masana atakhala pakhomo la kachipinda kathu, foni ili m'manja, akuimba osayankhidwa. Tsiku lina ndinawauza kuti tingosiya, tibwerere ku nyumba yoyamba ija, ine ndazolowera.

"Kuzolowera kumeneko ndi kumene sindikufuna," anatero, n'kuimbanso.