Penti Inauma M'chitini

Magetsi anazima nditangopopera boneti ndi chitseko chimodzi. Kompuresa inangoti zii. Penti yonse inali m'chitini, nditathiramo kale hadina.

Ndinachoka kwathu ku Mlangeni kachewere atapserera m'munda zaka ziwiri zotsatizana. Ndinauza mkazi wanga kuti ku Joni ndikakhala chaka chimodzi. Ndinakhala zisanu ndi chimodzi. Ndinkagona m'kachipinda ka malata ndi amuna atatu. Pa galaja pomwe ndinkagwira ntchito panalibe wodziwa dzina langa, ankangoti Malawi. Ntchito yanga inali kukwecha magalimoto ndi sandipepa, kuwatsuka, kumata manyuzipepa pa magalasi. Chopopera penti sindinachigwirepo. Ankachigwira ndi munthu wina wa ku Zimbabwe, ine ndikuonera patali. Koma pa foni ndinkati ndimapenta magalimoto. Kangachepe ndinkatumiza, ndiye palibe anafunsa zambiri.

Nditabwerera, mlamu wanga Jere anandipatsa pikapu yake yakale, yonyamulira kachewere.

"Alamu, mukaipenta bwino, a minibasi onse a pa Nsipe abwera kwa inu," anatero.

Ndinkafuna zomwezo. Kupeza ntchito kuno, osabwereranso uko.

Penti ya enamelo payokha imachedwa kuuma, fumbi la mumsewu limakakamira. Ukathira hadina imauma msanga, imawala, imalimba. Zimenezo ndinkazidziwa. Chomwe sindinkadziwa n'choti ukangosakaniza, penti siidikira munthu. Mzimbabwe uja ankasakaniza pang'onopang'ono m'kapu. Ine ndinkayesa ndi kuumira kwa bwana. Ndiye tsikulo pa Nsipe ndinakhuthulira botolo lonse la hadina m'chitini, madalaivala a minibasi akuonerera, kuti aone munthu wochokera ku Joni.

Ndinadikira magetsi. Ndinatseka chitini, ndinachiika pamthunzi. Masana penti inali ngati phala. Ndinathira thinala, ndinatakasa mpaka mkono kuwawa. Ndinathamanga kukafunsa jenereta kwa wowotcherera zitsulo, anati yafa. Ndinayesa burashi pa chitseko china, inangosiya mizere ndi zibuluma. Ndinapemphera, ine amene sindinalowe m'tchalitchi zaka zonse zija.

Magetsi anayaka cha m'ma folo koloko. Jere analowetsa chala m'chitini. Sichinalowe.

"Alamu, kodi ku Joni penti amachita kudula ndi mpeni?"

Madalaivala anaseka. Wina anati pikapuyo ayitche Mawangamawanga. Anakwera minibasi zawo, anapita.

Mkazi wanga anali atabwera kudzagulitsa kabichi pamsika, anaona zonse. Sanaseke. Anayandikira, nkuyankhula motsitsa kuti mchimwene wake asamve.

"Bambo a Chisomo, bwana wanu wa ku Joni uja, mutamuimbira, sangakulandireninso?"

Ndinamuyang'ana. Sanali wokwiya. Ankangofunsa, ngati munthu amene waliganizira kale funsolo masiku ambiri.

Ndinapukuta manja pa thalauza, ndinasiya chitini pomwepo, nkuyamba kuyenda mumsewu wopita kwathu ku Mlangeni.