Mpando wa a Alesi ku Lisiboni

Alamu anga a Alesi Makwinja, akulu ake a mkazi wanga, ndinawadziwa tsiku limene ndinakafunsira mbeta ku Chimaliro, koma mutandifunsa kuti amaoneka bwanji akakhala pansi, ndiyamba ndaganiza kaye. Ine ndimawadziwa ataima. Kumunda ataima, dengu kumsana. Pasikelo yoyezera tiyi ataima pamzere. Kutchalitchi ali m'kwaya, ataimanso. Ngakhale pamaliro a amuna awo, amayi anzawo anachita kuwagwira mapewa kuti akhale pamphasa, iwo akufuna kukaona ngati mbale zakwana.

Anabadwira m'malaini a esiteti, nyumba za chipinda chimodzi zija, ndipo anayamba kuthyola tiyi mutu usanapitirire bwino mitengo yake. Sukulu anaisiya msanga ngati ine, kungoti iwo anaisiya chifukwa cha ntchito, ine chifukwa cha masamu. Amuna awo atamwalira anachoka pa esiteti n'kukalima tiyi wawowawo pakamunda kamene anasiya malemu mayi awo, kotsetsereka koti mbuzi imayamba yapemphera isanatsike. Ndi kamunda kameneko analera ana onse mpaka kukula. Mawondo ndiwo anathera pomwepo. Masiku ano akamakwera chitunda, mawondowo amalira ngati chitseko cha bafa yanga.

Chaka chatha bungwe la alimi a tiyi ang'onoang'ono linauzidwa kuti litumize mwamuna ndi mkazi kumsonkhano wa azungu ogula tiyi. Mwamuna sanavute, a Goodson, mlembi wa bungwelo, anali atagula kale jekete. Za mkazi, anthu anati apite a Alesi poti sachita manyazi. Msonkhanowo unali ku Lisiboni, likulu la dziko la Apwitikizi.

Tonse tinakondwa kupatula apongozi anga a Blackson, bambo awo a Alesi, nkhalamba imene maso anachita ng'ala kalekale. Atamva dzina loti Apwitikizi anaitanitsa mwana wawo. Ine ndinali pakhonde pomwepo ndikusenda nzimbe, ndiye musati ndinamva kwa anthu.

Banja limeneli linachokera ku Mozambiki, tsidya la Ruo. Bambo awo a a Blackson ankagwira ntchito yokakamiza yolambula msewu, ndipo tsiku lina malungo atawagwira anakhala pampando umene unali pakhonde la bwana wachipwitikizi. Sanabe kanthu, sanatukwane munthu, anangokhala. Anawamenya m'manja ndi mbalamatodya, thabwa lamabowo lija, mpaka manja anatupa ngati mapapaya. Posakhalitsa anawoloka Ruo ndi mkazi ndi ana. A Blackson anali kamwana, koma amakumbukabe amayi awo akudyetsa bambowo m'kamwa. Kuno anapeza tiyi, ntchito yoima. A Blackson atakula anakhala mlonda wa pafakitale, ntchito yoimanso.

"Alesi," anatero a Blackson, "mphatso sindikufuna. Zithunzi ndizionera chiyani? Ukakafika kumeneko ukapeze mpando pakhonde la Mpwitikizi, masana, anthu akuona. Ukakhalepo. Mwini wakeyo akakuthirire tiyi iye ataima. Ukabwere udzandiuze."

"Bambo, ndikupitira ntchito ya bungwe."

"Ya bungwe ukagwira. Iyi ndi yanga."

Ine ndinati, "Alamu, yambani kuyeserera konkuno, mungakakhale mozondoka."

"Inu bambo a Happy, kukhala munatikhalira tonse," anandiyankha. Koma sanaseke.

Zotsalazi ndinazimva kwa iwo eni, zina kwa a Goodson, amene nkhani saipereka yopanda mchere.

Mungaganize kuti pamsonkhano anthu amakhala pansi. Alamu anga anawaimika pafupi ndi tebulo la mapaketi a tiyi, atavala chitenje, dengu lachionetsero kumsana, kuti ogula aziwajambula. Kudya kwake kunali koimirira, mbale m'manja, ngati paukwati umene mipando yaperewera. M'hotela mipando inalimo, koma siinali ya pakhonde, ndipo tiyi munthu ankadzithirira yekha pamakina. A Alesi sakanatha kunamiza bambo awo ndi zimenezo. Kunatsala tsiku lomaliza, limene eni msonkhano anati ndi lokaona mzinda.

M'mawa mwake kunabwera mayi wachipwitikizi wochepa thupi, atakweza m'mwamba ambulera yachikasu yosatsegula. Anawawerenga mitu, anawaika pamzere, n'kuwachenjeza kuti aliyense azitsatira ambulerayo. A Alesi anakodola a Goodson.

"Kodi kuno akapitawo ndi akazi?"

Chinthu chimodzi chimene ankayembekezera ku Ulaya ndi dziko lathyathyathya. Ankaganiza kuti azungu, ndi makina onse aja, mapiri anawasalaza kalekale. Lisiboni ndi zitunda zokhazokha. Akuti ndi Thyolo yemweyu, angozulamo tiyi n'kubzalamo nyumba. Misewu yake ndi ya timiyala toterera, ndipo nsapato zatsopano zimene mkazi wanga Sellah anawagulira ku Limbe zinayamba kuluma asanafike ndi pakona pomwe.

Anakwera mpaka pa linga lakale pamwamba pa phiri. Mayi wa ambulera analankhula Chingerezi chambiri, a Goodson n'kumasulirapo kachidutswa.

"Akuti mafumu awo ankakhala muno."

"Ankakhala pati? Mpando sindikuuona."

Potsika anakwera kasitima kachikasu koyenda pamsewu, kodzaza ngati minibasi ya ku Bvumbwe tsiku la msika. Mtsikana wina wachizungu ataona mayi wamkulu akulendewera pachitsulo, anaimirira n'kuwalozera mpando. Apa ndi pamene ulemu wa kwathu unawapweteka. Kuno munthu akakupatsa malo umayamba wakana kamodzi kuti akukakamize. Alamu anga anapukusa mutu, akumwetulira, akudikira kachiwiri. Kumeneko sakakamiza. Mtsikanayo anangokweza mapewa, ndipo pampandopo panakhala a Goodson.

"Munakana nokha, mayi," amatero mpaka lero.

Anakalowa m'tchalitchi chachikulu chozizira, mabenchi ali mbwee opanda munthu, koma atatchinga ndi chingwe chofiira. Chakudya cha masana anawapatsa timakeke ta mazira m'pepala, kudya akuyenda. Ndipo ponse pamene ankadutsa panali makonde a malo odyera, mipando yokhayokha, anthu atatambasula miyendo ndi timakapu tating'ono ngati ta ana osewera masanje. A Alesi akachepetsa liwiro pafupi ndi khonde, ambulera ija inkakwera m'mwamba n'kukhota.

"A Goodson, auzeni tiime pang'ono. Ndili ndi ntchito ya bambo anga."

"Mayi, tisachititse manyazi bungwe. Anthuwa anakonza pulogalamu."

Dzuwa litapendeka, bondo lakumanzere linali litatupa ndipo chidendene chinali chitasupuka. Iwo akuti kumunda munthu ukatopa umadziwa kuti ukutopera chiyani, dengu limalemera. Uku ankangoyenda, kumangouzidwa kuti taonani ichi, taonani icho, khosi n'kuwawa ndi kuyang'ana m'mwamba. Anayamba kuganiza za mawa lake, ali m'ndege, ndi za nkhalamba ija pakhonde ku Chimaliro ikutchera khutu.

Anatulukira pabwalo lalikulu m'mphepete mwa mtsinje. Pakati pake panali chifanizo cha mfumu itakwera hatchi.

"Ngakhale wachitsuloyu wakhala," anatero a Alesi.

Mayi wa ambulera anati ajambule zithunzi msanga, basi ikudikira kuti akaone nsanja ina yotchuka kumene zombo zakale zinkanyamukira. A Alesi sanayang'ane basiyo. Kumbali kwa bwalolo kunali khonde lalitali lamizati, matebulo ndi mipando zitandandalikidwa.

"A Goodson, auzeni akapitawo kuti dengu langa ladzaza."

"Mayi, nsanja imeneyi anthu amachokera kutali kudzaiona."

"Mukandionereko."

A Goodson anachonderera, mayi wa ambulera anayang'ana wotchi, koma alamu anga anali atayamba kale kutsimphina kulowera kukhondeko. Pomaliza mayi wa ambulerayo anawauza kuti basi idzadutsanso pomwepo pobwerera, koma asasunthe, angasochere.

"Kusuntha ndiye ayi," anayankha.

Anasankha mpando wapoyera, woti bwalo lonse liwaone, n'kukhala m'mphepete mwenimweni ngati munthu wodzapempha ntchito. Atakweza maso kuti aone Mpwitikizi wawo, amene anaima patsogolo pawo anali mayi wakuda ngati iwo omwe, atavala epuloni, nsapato zitathera mbali imodzi. Mtima unagwa. Anadandaula okha m'Chilomwe, chilankhulo chimene amachisungira pokalipa ndi polira, kuti ulendo wonsewu ayendera kudzatumikiridwa ndi mwana wa mnzawo.

Mayiyo anayankha m'Chilomwe chomwecho.

Dzina lake anali Teleza, wa ku Gurue, kumapiri a tiyi a ku Mozambiki, ndipo mayi ake nawonso anakalambira m'munda ndi dengu kumsana. Chilomwe cha alamu anga ndi chakutha ngati khasu lakale, koma anamvana.

"Mwakhalako pansi lero, mwanangu?"

"Kuno sitikhala, mayi. Timakhala m'basi popita kunyumba, tikapeza malo."

A Alesi anamufotokozera zonse, za msewu, za malungo, za mpando wa pakhonde, za manja otupa, ndi za nkhalamba yosaona imene ikudikira yankho. Teleza anamvetsera mbale zili m'manja. Kenako analowa m'kati.

Amene anatuluka ndi thireyi anali mwini malowo, nkhalamba yachipwitikizi yadazi, yokoka mwendo umodzi. Teleza anali atamuuza zonse osachotsapo, ndipo dzina la thabwa lija silinafunike kumasulira, poti linachokera kwawo komweko. Nkhalambayo inaika kapu patebulo. Isanathire, alamu anga anakweza dzanja n'kukodola Teleza.

"Muuzeni makapu akhale awiri. Inu mukhale apa."

"Mayi, mundichotsetsa ntchito."

"Muuzeni."

Teleza anamuuza, maso ali pansi. Nkhalambayo inayang'ana matebulo ena amene anthu ankadikira, inayang'ana Teleza, n'kubwerera m'kati ikukoka mwendo uja. Inatuluka ndi kapu yachiwiri. Teleza anakhala, akuseka kuseka kwamantha. Mpwitikizi anathira ataima, tiyi wina n'kutayikira m'sosala. Atatha ananena mawu ochepa.

"Akuti musafulumire," anamasulira Teleza.

Apo m'pamene a Alesi anasendera m'mbuyo n'kutsamira. Akuti thabwa la mpandowo linawagwira pamalo penipeni pamene dengu limakhala. Anavula nsapato zija pansi pa tebulo. Kamphepo kankachokera kumtsinje. Anati adikire tiyi azizireko pang'ono.

Anadzidzimuka a Goodson akuwagogoda paphewa. Basi inali itabwerera, mthunzi wa mizati utafika pakati pa bwalo. Pamawondo pawo wina anali atafunditsapo nsalu ya patebulo. Teleza anali chilili kale ndi thireyi kumatebulo ena, koma akuti nthawi yonseyo sanalole munthu kuwadzutsa, ndipo mwini malo uja, amene anawafunditsa nsaluyo, anachita kuuza alendo ena kuti achepetse phokoso. Tiyi anali atazizira, wosakhudzidwa. Ambulera inali m'mwamba. Anatsanzikana ndi Teleza mothamanga, nsapato zili m'manja.

Atafika ku Chimaliro, a Goodson anazunguliridwa ndi anthu ofuna kuona zithunzi za nsanja. A Alesi anapita molunjika pakhonde la bambo awo. Ine ndinawatsatira, ndi nzimbe yanga.

"Unakhala?" anafunsa a Blackson moni asanathe.

"Ndinakhala, bambo."

"Pakhonde?"

"Pakhonde, masana, bwalo lonse likuona."

"Anathira ndani?"

"Mwini wake. Mpwitikizi, nkhalamba."

"Ataima?"

"Ataima. Anathiriranso mwana wa kwathu wa ku Gurue, wantchito wake, naye atakhala."

A Blackson anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Nanga tiyiyo anali bwanji?"

Alamu anga anayang'ana pansi. Ine ndinawatsinzinira kuti angonena kuti anali wokoma, koma anthu a banja limeneli kunama sadziwa.

"Sindinamwe, bambo. Ndinagona."

"Unagona?"

"Nditangotsamira. Ndinatopa."

"Pampando pakepo? Iye anatani?"

"Anandifunditsa nsalu."

Nkhalambayo inayamba kusisita zikhatho zake, china ndi chinzake. Ine ndinaganiza kuti yakhumudwa. Kenako mapewa anayamba kugwedezeka, ndipo inaseka mpaka kutsokomola, misozi ikutsika m'maso osaona aja.

"Bambo anga anangokhala," inatero itapeza mpweya. "Iwe mpaka kugona. Basi, mwanangu. Pita ukapume."

Sanakapume. Mvula inali itagwa iwo kulibe, tiyi anali ataphuka, ndipo masamba sadikira munthu wochokera ku Ulaya. M'mawa mwake ndikudutsa pathirakita yotola masamba ndinawaona pakamunda kaja, chiperoni chikuwaza, dengu kumsana, bondo atamanga ndi kansalu.

"Alamu," ndinakuwa, "ndikubweretsereni mpando?"

"Mubweretse ndi Mpwitikizi wake," anayankha osatembenuka, manja akuthyolabe.