Kamba wa nthochi za pathandala

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene timu yathu ya ntchemberembaye ya ku Lifuwu inaitanidwa kukasewera ku boma ku Salima. Chisangalalo chake! Galimoto kunalibe, unali ulendo wapansi, koma ife tinkangodumphadumpha. Mkamwa mwanga munali mothamanga kale, ndiye ndinalonjeza pamaso pa aphunzitsi athu, mayi Nyirenda, kuti kamba wa atsikana onse ndikonza ndine.

Ndinkadziwa mmene amayi ankapangira wa abambo akamapita kutali. Ankakazinga mtedza ndi mpunga, kusinja pamodzi ndi nthochi zouma ndi ufa wa malambe, kuthirako uchi, kenako kutsendera m'mbale n'kudula timagawo. Kagawo kamodzi munthu ankayenda nako mpaka masana.

Vuto linali nthochi. Padenga zinkauma masiku anayi, ine ndinali ndi awiri. Ndinaganiza mwanzeru zanga: kodi usipa suuma msanga pathandala la kugombe? Ndinakayanika komweko, ndipo zinaumadi bwinobwino. Ndinasinja ndikuimba, n'kudula timagawo khumi ndi tiwiri ndendende. Sindinalaweko ngakhale kachibenthu, kuopa kuti tingaperewere.

Tinanyamuka m'mawa tikuimba nyimbo za chipani, fumbi lili koboo. Dzuwa litakwera tinakhala pansi pa mtengo wa mango, ine n'kumasula mpango wanga monyadira ngati mkwatibwi. Mnzanga Asiyatu analuma koyamba, n'kuima kutafuna.

"Iwe Esinati, nthochi zimenezi unazigwira ndi khoka la chilimira?"

Onse anagwa nacho chiseko. Kamba yense ankanunkha usipa! Manyazi anandigwira, misozi ili lengelenge, poti chakudya china panalibe ndipo njira inali ikadalipo.

Mayi Nyirenda anatenga kagawo kawo, anatafuna mpaka kumeza, nati, "Idyani, ndiwo zilimo kale." Kenako anandinong'oneza: "Mwanawe, chopatsa anthu uziyamba walawa wekha."

Tinadya tikuseka, mphamvu zinabweradi, ndipo ku boma tinasewera ngati amisala mpaka kupambana. Pobwerera anzanga anandinyamula m'mwamba akundiitana Nausipa.

Lero ndimamvetsa kuti ndinakonzera anzanga chakudya ndikuganiza za kutamandidwa kwanga, osati za pakamwa pawo. Ndaphikira maukwati ndi maliro osawerengeka, ndipo palibe mbale imachoka m'manja mwanga ndisanalawe. Koma ku Lifuwu, ndi imvi zangazi, akadandiitanabe Nausipa, ndipo ndimavomera.