Kalata Yachiwiri ya a Choko

Fomu ya a Choko ndinaitaipa ine, ndiye nkhani yawo ndikuidziwa kuposa onse amene amaiseka mu sitafurumu. Ndine sekilitale wa pasukulu pano, ndipo a Choko akhala akuphunzitsa masamu kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Dzinali anawapatsa ndi ana, chifukwa buluku lawo limakhala mbuu m'matumbamu ngakhale Lolemba m'mawa. Akazi awo anamwalira kalekale. Mwana wawo mmodzi yekhayo ali kutali, amaimba foni pakapita miyezi, n'kungofunsa ngati akumwa mankhwala. Iwo amakhala kuseri kwa labu, m'kanyumba ka zipinda ziwiri, ndipo pashelefu pawo pali makope makumi atatu a zikuto zolimba, odzaza masamu amene sali pa silabasi. Palibe anawatuma. Anzawo akamakangana za mpira pa nthawi ya tiyi, iwo amakhala pakona, kope lili pabondo.

Tsiku lina analowa mu ofesi mwanga ndi kapepala kong'amba m'nyuzipepala. Yunivesite inkaitana ofuna digiri yachiwiri ya masamu.

"Mayi, mundithandize kutaipa izi. Koma zisamveke."

"Aphunzitsi, imvi zonsezi mukufuna kukakhalanso pa desiki?"

"Zaka ziwiri zokha. Chaka choyamba m'kalasi, chachiwiri kafukufuku. Kumeneko kuli anthu oti munthu n'kucheza nawo."

Anatero ndithu, oti n'kucheza nawo. Sananene za kukwezedwa pantchito ayi. Ine ndinamva chisoni, koma ndinachibisa m'kuwaseka.

Zofunika zinali zinayi, ndipo zitatu zinayenda ngati madzi. Digiri yoyamba yokhoza bwino anali nayo, ili m'felemu yake. Pepala la malikisi a zaka zonse zinayi analipeza pansi pa sutikesi, lachikasu koma lowerengeka. Masamba atatu ofotokoza zimene akufuna kufufuza anandivutitsa nawo masiku awiri, poti zizindikiro zawozo pakompyuta panga palibe, tinachita kusiya mipata kuti adzazemo ndi dzanja. Chachinayi ndicho chinatiimika mutu: makalata awiri a umboni. Imodzi ikhoza kuchokera kwa bwana wa pantchito, ndipo ahedi anailemba msanga, yodzaza ndi zoti a Choko safika mochedwa. Koma inayo inayenera kulembedwa ndi munthu amene anawaphunzitsa ku yunivesite, wodziwa mutu wawo pa masamu. Tsiku lotseka linali kumapeto kwa mwezi.

Paja amati zengerezu adalinda kwawukwawu. Mwa alekichala awo asanu, atatu anali kumanda, mmodzi anapita kunja osasiya adiresi. Anatsala mmodzi, pulofesa wokalamba amene ankasungidwa ndi mwana wake wamkazi kumapeto kwa msewu wa basi. A Choko ankamutchula mwaulemu ngati bambo wowabereka. Akuti mkuluyu sankachonga kope ngati anzake. Akapeza pamene wadumpha sitepe, ngakhale yankho likhale loona, ankalemba m'mphepete ndi inki yofiira mawu awiri basi: "Chifukwa chiyani?"

A Choko anapita kwa mkuluyo Loweruka, atasita malaya, atanyamula fomu ndi kope lawo laposachedwa. Zimene zinachitika kumeneko anandiuza Lolemba, ataima pakhomo la ofesi yanga ngati mwana wobwera kudzapepesa.

Mwana wa pulofesayo anawalandira bwino, koma anawachenjezeratu. "Bambo mutu unasokonekera. Ine ndemwe amandifunsa kuti ndine mwana wa ndani." A Choko anamupeza mkuluyo pakhonde, atafunda bulangete m'miyendo dzuwa likuswa mtengo. A Choko anagwada, nadzitchula dzina ndi chaka chimene anamaliza. Mkuluyo anawayang'ana nthawi yaitali.

"Mwabwera kudzakonza mpopi? Ukudontha kubafa uko."

Pamenepo anadziwa kuti kalata palibe. Akanatha kulemba okha n'kumugwiritsa mkuluyo cholembera kuti asaine, ndipo mwanayo, powamvera chisoni, anachita kunena yekha zimenezo. A Choko anakana. Ine ndinawakalipira atandiuza, chifukwa ndaona makalata abodza ambiri akudutsa pa desiki panga, eni ake n'kumayenda pa galimoto lero. Iwo anangoti, "Akanakhala akuchitira umboni chinthu chimene sanachione."

Pakhonde paja, a Choko akudzuka kuti azitsanzika, kope linagwa pabondo n'kutseguka. Mkuluyo analitola. Anayamba kuwerenga, chala chikuyenda pansi pa mzere uliwonse, ndipo nkhope yake inasintha, inakhala ya munthu amene ali pantchito. Anatembenuza tsamba, natembenuzanso. Kenaka anatambasula dzanja osayang'ana n'komwe, monga ankachitira kale. A Choko, poti mphunzitsi sayenda wopanda bolopeni yofiira, anaisolola m'thumba n'kumupatsa. Pakati pa tsamba lachitatu, mkuluyo analemba: "Chifukwa chiyani?"

A Choko anayang'anapo. Panalidi dzenje. Anali atadumpha sitepe imene kwa miyezi isanu ndi umodzi ankaiyesa yoonekeratu.

"Mayi," anandiuza, maso ali ndengundengu, "zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, munthu woyamba kuwerenga kope langa ndi ameneyu. Ndipo sakundidziwa."

Fomu tinaitumiza ndi kalata imodzi. Yankho linabwera msanga, mizere itatu: zofunika sizinakwane, choncho pempho lawo silinaunikidwe n'komwe. Mu sitafurumu nkhani inali itafika kale, sindikudziwa anaulula ndani, koma si ine. Ena anayamba kuwaitana kuti "a Dokotala" akamadutsa. Anthu ophunzira akafuna kuluma saonetsa mano.

Chodabwitsa n'chakuti a Choko kalata yowakanayo sanaidandaule kwambiri. Mtima wawo unali pa dzenje lija. Masabata atatu ankayenda akulankhula okha, tiyi wawo ankazizira pawindo, ndipo tsiku lina analowa m'kalasi la ena n'kuphunzitsa mpaka mwini kalasi anachita kutsokomola pakhomo. Lachinayi lina anabwera akumwetulira, mano onse pamtunda. Anali atalitseka dzenjelo, masamba awiri athunthu, olembedwa mwaukhondo pansi penipeni pa funso lofiira lija.

Loweruka anakweranso basi. Anapeza chitseko chokhoma, mpando wa pakhonde uja palibe. Mayi wa nyumba yoyandikana, akuyanika zovala, anawauza kuti mkuluyo anamuika m'manda sabata yathayo, ndipo mwana wake wapita kwa abale. Palibe anaganiza zowadziwitsa a Choko. Akanawadziwitsa ngati ndani?

Lolemba ana ataweruka, ndikutseka mawindo, ndinawaona ataima pakhomo, kope lili m'khwapa. Sananene za maliro poyamba. Anakhala pa mpando wa alendo, natsegula tsamba lija, naliika pa desiki panga moyang'anitsa kwa ine. Ine masamu ndinasiyana nawo kalekale, ndipo tinasiyana mopanda kutsanzikana. Ndinaona tizizindikiro tokhatokha ngati mapazi a nkhuku pamchenga.

"Aphunzitsi, mukudziwa kuti ine apa sinditolapo kanthu."

"Ndikudziwa, mayi. Simukuyenera kumva ayi." Analoza mzere woyamba wa yankho lawo. "Mungondifunsa."

"Ndikufunseni chiyani?"

Anakankhira chala chawo pa mawu ofiira aja.

Basi yanga inali itatsala pang'ono kunyamuka, ndipo kunyumba ana anali akundidikira. Ndinaika chikwama pansi, ndinakhala.

"Chifukwa chiyani, aphunzitsi?"

Anakonza magalasi, napuma mozama, n'kuyamba kufotokoza. Analankhula ola lathunthu, mawu awo akukwera ngati ali kutsogolo kwa holo yodzaza. Akafika kumapeto kwa mzere ankaima n'kundiyang'ana, ine n'kufunsanso. Sindinamvepo ngakhale chimodzi. Atamaliza anatseka kope, nalisisita pachikuto, n'kundithokoza kawiri. Ndinawaona pawindo akulowera kuseri kwa labu okhaokha, ndipo ndinapita kwathu wapansi.