Duwa lanu la ku Chipangali

Amake Tiyese, lero chakwana chaka chitisiyireni, ndipo m'mawa muno duwa lanu lija lamasula. Ndakumbuka tsiku lija tikuchokera ku Chipangali pa njinga, munandiimitsa mwadzidzidzi. Ine ndimayesa mwagwetsa chikwama, osadziwa kuti mwaona duwa lofiira losakanikira chikasu m'tchire. Munalikumba ndi kamtengo. Ndinati, "Limeneli tikadyera nsima?" Inu munangoseka, "Atate ake Tiyese, si zonse za m'mimba." Munalibzala pambali pa repu wanga, tonse osalidziwa dzina.

Sabata yatha ndinaonetsa alangizi a zaulimi chithunzi chake chija munasiya mufoni. Anatchula dzina la Chingerezi, ndaliiwala kale. Chimene ndinagwira n'choti lili ndi poizoni, makamaka kambatata kake kapansi. Tiyesetu pano akuyenda paliponse, chilichonse akuika m'kamwa. Ndinatenga khasu kuti ndilizule, koma nditafika pamenepo manja anakana. Ndiye ndalimangira mpanda wa nsungwi, wothithikana, wofika m'chiuno mwanga. Musade nkhawa, mwana sangalifikire. Ndimachita kumunyamula kuti alisuzumire, n'kumuuza kuti ili ndi la amama.