Nsanja ya Mayi Doreen

Ndinaganiza zochoka ku Phalombe tsiku limene mwana wanga anabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Ndinali nesi, koma malipiro ankatha mwezi usanafike pakati. Mwanayo ndinamusiya kwa achemwali anga, ine ulendo wa ku London.

Ntchito ndinaipeza kunyumba yosamalira okalamba ku Woolwich. Ndalama ndinkatumiza mwezi uliwonse, ndipo pafoni ndinkangoti zonse zili bwino. Zoona zake n'zakuti Lamlungu ndikachoka kutchalitchi ndinkakwera basi n'kumangozungulira nayo, kuopa kukakhala ndekha m'chipinda.

Mwa okalamba anga munali Mayi Doreen, amene anasiya kucheza ndi anthu. Ana awo sankabwera, chakudya ankangochilawa. Tsiku lina ndikuwapesa tsitsi, analoza pazenera nsanja ya linga lakale imene inkaonekera pamwamba pa mitengo kuphiri.

"Nthawi ya nkhondo ndinkagwira ntchito pamwamba paja, ndili mtsikana," anatero. "Ndinkalondera ndege za adani."

"Mukufuna tipiteko?"

"Sangandilole."

Abwana anakanadi. Ndinawakakamira mpaka anatopa nane n'kuvomera, kenako ndinasakasaka bambo wosunga makiyi a lingalo.

Titafika kunsanjako ndi Mayi Doreen, tinapeza mazenera atakhomedwa matabwa, mkati muli mdima, fungo la chinyezi ndi zitosi za nkhunda. Masitepe anali opapatiza, okhotakhota. Njinga yawo ya olumala sikanakwera. Mayi Doreen anayang'ana m'mwamba, n'kuwerama.

"Basi, tibwerere," anatero.

Ine ndinatulutsa chitenje m'chikwama. Ndinagwada, n'kuwabereka kumsana monga timachitira kwathu. Bambo wa makiyi anangoti kukamwa yasa, koma anatsogola ndi tochi. Ndinkakwera thukuta lili kamukamu, Mayi Doreen akuseka m'khutu mwanga.

Titatulukira pamwamba, London yense anali pansi pathu. Mayi Doreen anaimirira okha atagwira khoma.

"Ndege zija zinkachokera uko, potsata mtsinje. Ndikaziona ndinkathamangira pafoni, anthu n'kubisala. Ambiri anapulumuka chifukwa cha maso anga awa."

Kuyambira tsiku limenelo ankadyera pagulu, akufotokozera aliyense nkhani ya nsanja ndi ya nesi amene anawabereka. Nanenso ndinasiya kuzungulira ndi basi. Lamlungu ndinkapita kukacheza nawo, mpaka anamwalira.

Nditabwerera kwathu, ndinamanga nyumba ya malata, anthu akubwera kudzandilonjera. Koma maso anga ankangopita kuphiri kuseri kwa mudzi, kumene kuli mabwinja a linga la atsamunda. Tili ana tinkatolako nkhuni osaganizako kalikonse.

Ndinatenga malume anga, a Nakoma, tinakwera pang'onopang'ono. Atakhala pamwala ndinawafunsa zomwe ankadziwa. Anayamba za bambo awo, amene atsamunda anawagwira kuti azisenza katundu wa asilikali, n'kubwerako kunkhondo zala za kuphazi zitatha. Anatchula maina a anzawo a bambowo amene sanabwerere. Analankhula mpaka mawu anasasa.

"Malume, bwanji simunatiuzepo zonsezi?"

Anandiyang'ana, akupukuta m'maso.

"Unandifunsapo?"