Nkhuku Yopanda Mchere

Ku fakitale ya nsapato ankawatchula kuti Mayi Mchere. Anaphika m'kantini ya kumeneko zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, m'mapoto oti mwana angasambiremo, ndipo palibe tsiku limene munthu anadzuka pabenchi kukapempha mchere wapambali. Sankayeza ndi supuni. Ankangotapa ndi zala, kuwaza, kulawa padzanja, basi. Tsiku lopuma ntchito, amuna andevu zawo anaima pamzere kudzawagwira chanza, wina mpaka kupukuta misozi ndi mkono wa ovolosi.

Kunyumba nkhani inali ina. Amuna awo, amene anakalambira pa ukalaliki, ankadya ngati akudinda makalata: mutu pansi, akatha mbale n'kukankhira uko. Zaka makumi atatu ndi zinayi ali pabanja, mawu oti "chakoma" anali asanatulukepo pakamwa pawo. Chakudya chikakoma ankangoti ziii, koma chikangopsererako pang'ono, nyumba yonse inkadziwa. Mayi Mchere ankadzitonthoza kuti ndi chibadwa, munthuyo ndi wa pakamwa polemera. Koma tisanamizane, mawu amodziwo ankawafuna, ndipo kuwasowa kunkawapweteka.

Mwana wawo wamkazi atayamba ntchito anawagulira kanema, kuti makolo asamangoyang'anana. Abambowo anasiya mpira, anasiya nkhani, n'kukakamira pulogalamu ya zophikaphika ya Lamlungu masana. Wophika wake anali mkulu wina wa mano oyera ndi chipewa chachitali, ndiye m'nyumbamo ankangomuti Wachipewa. Apa m'pamene Mayi Mchere anadziwira kuti pakamwa pa amuna awo si polemera ayi.

"Eee! Taonani anthu odziwa kuphika!" ankafuula abambowo, dovu lili chuchuchu. "Amayi, bwerani mudzaphunzire kuno!"

"Mwalawa kodi?" mayiwo ankayankha ali kukhitchini.

"Chakudya chabwino chimaonekera patali. Zolawalawa n'za inu a m'kantini."

Paja amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Koma mlendo uyu analowa m'nyumba osagogoda, sanatsukepo mbale, sanawaphikireko ngakhale madzi a tiyi, n'kukolola m'mwezi umodzi mayamiko onse amene mwini khitchini anawadikira moyo wake wonse.

Lamlungu lina Mayi Mchere anaima pakhomo la pabalaza, kansalu kopukutira mbale kali paphewa, kuti amuone bwino mdani wawoyo. Wachipewa ankaphika nkhuku ya mandimu ndi uchi. Anaipaka batala, anathira adyo, tsabola, tinamasamba tina tonunkhira. Kenaka anatembenukira kwa mlendo wake, woimba wina, n'kuyamba nthabwala. Kuseka, kuwombana m'manja, nkhuku n'kulowa mu uvuni. Kambale ka mchere kanali pomwepo patebulo, kodzaza, kosakhudzidwa. Nkhuku itapsa Wachipewa analuma, anatsinzina, napsompsona zala zake.

Mayi Mchere anaseka chamumtima. Munthu amene waphikira anthu mazana awiri tsiku lililonse amaidziwa nkhope ya wotafuna nyama yopanda mchere, ngakhale aibise chotani.

Pulogalamuyo inkabwerezedwa Lachitatu masana. M'mawa wa Lachitatulo anapita kumsika, anagula nkhuku, mandimu ndi uchi, naphika ndendende momwe anaonera. Kawiri konse zala zawo zinapita zokha ku botolo la mchere, mpaka analinyamula n'kuliika pamwamba pa kabati. Cholinga chinali chimodzi. Abambo alume, akwinye nkhope, aone okha pa kanema kuti katswiri wawo anaiwala mchere, manyazi awagwire, ndiyeno anene zimene akhala akuzimeza zaka zonsezi, zoti wodziwa kuphika ali m'nyumba momwemo.

Anawaikira mbale pa katebulo ka pabalaza pulogalamu ikuyamba kumene. Abambo analuma ntchafu, natafuna kawiri, n'kuima.

"Amayi, mchere watha m'nyumba muno?"

"Ulipo wambiri, abambo. Ndaphika momwe anaphikira aphunzitsi anuwo. Penyetsetsani, mundiuze pamene athire mchere."

Anaonera limodzi, koyamba chigulireni kanemayo. Batala, adyo, tsabola, nthabwala, uvuni. Kambale kaja kali phee pamalo pake. Mayi Mchere anapinda manja, kudikira.

Abambo anayang'ana kanema, anayang'ana mbale. Pa kanemapo Wachipewa anali akupsompsona zala.

"Ohoo," anatero abambowo, akugwedeza mutu. "Ndiye kuti nkhuku imeneyi siifuna mchere. Mwaona kuphunziratu? Mchere umabisa kukoma kwenikweni kwa nyama. Ife takhala tikudya mchere wokhawokha zaka zonsezi osadziwa."

Analumanso, natsinzina ngati mmene amachitira mnzawo wa pa kanemayo.

"Mmm. Apa ndiye mwaphika, amayi. Yakoma. Yakoma kwabasi! Kuyambira lero muziphika chonchi."

Mawu aja anafika. Mayi Mchere anawamva bwinobwino ndi makutu awo onse awiri, atawadikira zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo anagwera pa chakudya choipitsitsa chimene manja awo anaphikapo. Mayamikowo sanali awonso. Iwo anangokhala wonyamula mbale. Anafuna kulira, anafuna kutukwana, koma chimene chinatuluka ndi "Zikomo, abambo," poti ndi mmene analeredwera.

Anabwerera kukhitchini, anakwera pampando, natsitsa botolo lija. Anawaza mchere pa chidutswa chawo n'kudya ataimirira, akumva kuseka kwa Wachipewa kuchokera pabalaza.

Mpaka lero m'nyumbamo mchere umathiridwa m'mbale imodzi yokha, ya kukhitchini. Mwana wawo akabwera kudzacheza amadabwa kuti bambo ake anasintha, masiku ano amayamikira chakudya tsiku lililonse.